Jakisoni wa kusikelo amene anachita zomwe mankhwala analephera

Mu 2002 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet inasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe anachitikira m'wodi ya ana pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth (Queens) mumzinda wa Blantyre. Gulu lotsogoleredwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux linatsatira ana 598 omwe anagonekedwa ndi matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi mabakiteriya. Onsewo analandira mankhwala opha tizilombo monga mwa nthawi zonse, koma theka la iwo anawaonjezera mankhwala ena otchedwa dexamethasone, amene madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankawadalira pochepetsa kutupa kwa mu ubongo ndi kupulumutsa makutu a mwana. Mankhwalawo ndi otsika mtengo, ndipo akanathandiza ikanakhala nkhani yabwino kwa Africa yense.

Sanathandize. Mbali zonse ziwiri, ana 31 mwa 100 alionse anamwalira. Mwa amene anatuluka amoyo, ambiri anapita kwawo atagontha, ena akugwa khunyu, ena dzanja kapena mwendo utafooka, ena ataiwala ngakhale kukhala pansi kumene anali ataphunzira kale. Apatu tikunena za chipatala chokhala ndi akatswiri a matenda a ana, labotale ndi mankhwala. Koma ana ankafika mochedwa, ambiri ali onyentchera, ochepa magazi, ena ali ndi HIV, ndipo tizilombo tina tinali titayamba kale kusamva penicillin ndi chloramphenicol, mankhwala omwe ankagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo.

Chaka chomwecho, kutali ndi mawodi, Unduna wa Zaumoyo unasintha kanthu kena kusikelo. Jakisoni wakale wa DPT, woteteza ku diphtheria, chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata, analowedwa m'malo ndi wina wophatikiza akatemera asanu. Amayi ambiri sanaone kusiyana kulikonse. Mwana ankabayidwa pantchafu pomwe paja, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, n'kulira chimodzimodzi, madzulo n'kutenthako thupi. Koma m'kabotolo katsopanoko munali katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, komanso wa kachilombo kotchedwa Haemophilus influenzae type b, komwe madokotala amangokatchula kuti Hib. Kameneka kanali m'gulu la tizilombo totsogola pa matenda oumitsa khosi mwa makanda. Katemerayo asanabwere, ku Queens ankalandira ana oposa 50 pachaka odwala matendawa chifukwa cha Hib. M'zaka zotsatira chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 10 pachaka, chonsecho anthu mu Blantyre ankangochulukirachulukira.

Matenda othamanga kuposa thandizo

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa m'fupa la msana zinakutidwa ndi nembanemba, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera mbee. Mabakiteriya akalowa m'madzi amenewa amaswana msanga, chifukwa asilikali a m'thupi ndi ochepa kumeneko. Thupi likadzidzimuka n'kutumiza asilikali ambiri, madzi aja amasanduka mafinya, nembanemba zimatupa, ndipo popeza chigaza sichitambasuka, ubongo umapanikizika. Timitsempha ta magazi timatsekeka. Tizilombo timalowanso m'kati mwenimweni mwa khutu, mmene muli tiziwalo tomvera, n'kutiwononga kosabwereranso. Zonsezi zitha kuchitika tsiku limodzi kapena awiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala matendawa mmodzi mwa 6 alionse amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi chilema. Zimenezi n'ziwerengero za dziko lonse lapansi. Zathu, monga taonera, zinali zoipa kuposa pamenepo.

Chovuta china n'chakuti khanda kawirikawiri siliuma khosi. Munthu wamkulu amadandaula mutu, amadana ndi kuwala, amalephera kuweramitsa mutu. Khanda limangotentha thupi, kukana bere, kulira mosatonthozeka kapena kugona kosadzuka bwino, kukomoka, mwina liwombo n'kutukuka. Kwa mayi wa kuno, ngakhalenso kwa wachipatala wotopa amene ali ndi mzere wa anthu panja, zimenezi ndi malungo. Mwana amapatsidwa panado ndi LA, banja n'kudikira kuti mankhwala agwire. Ena amayamba athamangira kwa agogo odziwa mankhwala a liwombo. Podzafika pachipatala chachikulu, masiku ofunika aja apita.

N'chifukwa chake ndimaona kuti nkhani ya matenda oumitsa khosi mwa ana ndi nkhani ya katemera kuposa ya mankhwala. Ngakhale titadzaza mashelufu ndi ceftriaxone, yemwe ndiye mankhwala amphamvu a masiku ano, mwana wa kumudzi wa kutali adzafikabe mochedwa. Katemera yekha ndiye amafika matenda asanafike.

Chovala cha shuga

Tizilombo titatu timene timayambitsa matendawa kwambiri mwa ana, Hib, pneumococcus ndi meningococcus, timakhala m'mphuno ndi kummero kwa anthu ambiri osawadwalitsa. Timayenda ndi chifuwa, kuyetsemula ndi mamina. Mwa ana ochepa okha ndi mmene timaboola n'kulowa m'magazi, kenako ku ubongo. Tonse titatu tinakutidwa ndi chovala cha shuga chimene chimatichititsa kuterera ngati mlamba m'manja, kotero kuti asilikali a m'thupi amalephera kutigwira.

Asayansi anadziwa kalekale kuti akabaya munthu shuga wa chovalacho, thupi limaphunzira kuzindikira kachilomboko. Katemera wotere wa Hib anavomerezedwa ku America mu 1985. Koma anali ndi vuto lalikulu: thupi la mwana wosakwana zaka 2 silisamala shuga ali yekha. Katemera ankagwira ntchito mwa ana okulirapo, n'kusiya makanda, omwe ndiwo ankafa. Njira inapezeka potsitsimutsa nzeru yakale ya Oswald Avery ndi Walther Goebel, amene mu 1929 anaonetsa kuti shuga akamangiriridwa ku puloteni, thupi limamulabadira. John Robbins, Rachel Schneerson, Porter Anderson ndi David Smith anagwiritsa ntchito nzeruyi pa Hib, ndipo mu 1996 anapatsidwa mphotho ya Lasker chifukwa cha ntchitoyi. Katemera wawo, yemwe shuga wa kachilombo amalumikizidwa ku puloteni imene thupi la khanda limaizindikira msanga, anayamba kuperekedwa kwa makanda a ku America mu 1990.

Zotsatira zake zinadabwitsa ngakhale amene anamupanga. Kale ana pafupifupi 20,000 osakwana zaka 5 ankadwala kwambiri ndi Hib chaka chilichonse ku America, ambiri mwa iwo matenda oumitsa khosi. Chiwerengerocho chinatsika ndi 99 peresenti. Mu 1986, theka la odwala matenda oumitsa khosi a mabakiteriya m'dzikolo anali ana osapitirira miyezi 15. Pofika 1995, zaka zapakatikati za odwala zinali 25. Sikuti akuluakulu anayamba kudwala kwambiri ayi, koma kuti makanda anali atachoka pamndandanda.

Panaonekanso chinthu china chomwe sichinkayembekezeka kwenikweni. Matenda anachepa ngakhale mwa ana omwe sanabayidwe. Katemera wamtunduwu sateteza magazi ndi ubongo zokha. Amachotsanso kachilombo m'mphuno mwa mwana, ndiye mwanayo sakapatsiranso mng'ono wake wa masabata awiri kapena mnzake woyandikana naye nyumba. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa katemerayu mawuwa ndi oona ndithu: mayi amene wapita ndi mwana wake kusikelo watetezako ndi wa mnzake.

Africa anadikira. Katemera anali wodula, komanso kunali kukayika ngati Hib linalidi vuto lalikulu kuno, popeza zipatala zochepa zokha zinali ndi malabotale otha kukapeza kachilomboka. Yankho linachokera ku Gambia, kumene kafukufuku wa makanda oposa 42,000 pakati pa 1993 ndi 1995 anaonetsa kuti katemera amateteza bwino kwambiri, ndiponso kuti amachepetsa chibayo choopsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Gambia inamuika pandondomeko ya katemera wa ana mu 1997. Kale ana oposa 200 mwa 100,000 alionse osakwana chaka ankadwala matenda oumitsa khosi a Hib chaka chilichonse m'dera lomwe ankafufuzalo. Pofika 2002 sanapeze ndi mmodzi yemwe, ngakhale kuti katemera ankasowa nthawi zina ndipo ana ambiri ankabayidwa mochedwa.

Bungwe la Gavi, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000 kuti lizithandiza mayiko osauka kugula akatemera, ndilo linatsegula khomo kwa Malawi. Kuchokera 1990 kufika 2002 ndi zaka 12. Aliyense angathe kudziwerengera yekha kuti ana 50 pachaka pachipatala chimodzi chokha, osawerengera amene anafera kunyumba ndi m'zipatala za m'maboma, akutanthauza manda angati m'zaka zimenezo. Kuchedwa kumeneku sikunali kwa sayansi, kunali kwa mtengo.

Mdani wa mitundu yambiri

Hib atagonja, amene anatsala pampando ndi pneumococcus. Mu 2009 kachilombo kameneka kanali kumbuyo kwa odwala oposa theka mwa ana ogonekedwa ndi matenda oumitsa khosi a mabakiteriya ku Queens. Ndi koopsa kuposa Hib: kamapha ambiri, ndipo kamasiya ogontha ambiri. Ndi komwenso kamayambitsa chibayo chochuluka, n'chifukwa chake katemera wake kusikelo amangomutchula kuti wa chibayo, ndipo makolo ambiri sadziwa kuti amatetezanso ubongo wa mwana.

Nkhondo yolimbana ndi pneumococcus ndi yovuta chifukwa Hib ali ndi chovala chimodzi, pomwe pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90, uliwonse ndi chovala chakechake. Katemera woyamba wa makanda, yemwe anatuluka ku America mu 2000, anali ndi mitundu 7 yokha, yosankhidwa potengera matenda a kumeneko. Mitundu ina yovutitsa kwambiri ku Africa, monga mtundu 1 ndi mtundu 5, munalibe. Kafukufuku wa ku Soweto ku South Africa ndi wina wa ku Gambia anayesa katemera wa mitundu 9, ndipo wa ku Gambia, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anapeza kuti imfa za ana pa zifukwa zonse zinachepa ndi 16 peresenti. Malawi anayamba kupereka katemera wa mitundu 13, wotchedwa PCV13, pa 12 November 2011, tsiku lokumbukira matenda a chibayo padziko lonse. Anali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kutero.

Kodi anathandiza? Inde, koma yankho lake likufuna kufotokoza mosamala, ndipo ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, omwe akhala akuyeza magazi ndi madzi a pamsana a odwala ku Queens kwa zaka zoposa 20, sanabise zimenezi. Matenda oopsa a pneumococcus anali atayamba kale kutsika katemera asanabwere. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ana obadwa ndi HIV anayamba kuchepa, bactrim ankaperekedwa kwa omwe ali ndi kachilombo, njala ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inali itadutsa, ndipo maneti anachepetsa malungo. Munthu wofuna kungotamanda katemera akanatha kutenga kutsika konseko n'kukuika pa jakisoni. Ofufuzawo anawerengera kaye mmene matenda akanatsikira popanda katemera, kenako n'kuona chimene katemera anaonjezera. Chinapezeka chachikulu ndithu: mwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4, matenda oopsa oyamba ndi mitundu ya m'katemera anachepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Mwa makanda osakwana chaka kuchepako kunali kocheperapo, ndipo kunatenga zaka kuti kuoneke.

Ndimalemekeza kawerengedwe kotere. Katemera safuna kumunamizira. Akamanenedwa zoposa zimene amachita, tsiku limene mwana wobayidwa adwale anthu amataya chikhulupiriro chonse.

Chimene chinavutitsa ofufuza chinapezeka m'mphuno za ana. Pakati pa 2015 ndi 2018 anapukuta mphuno za ana zikwizikwi a mu Blantyre, ndipo anapeza kuti mwa ana a zaka 3 mpaka 5 omwe analandira katemera, pafupifupi mmodzi mwa 6 alionse anali akusungabe mitundu ya pneumococcus yomwe ili m'katemerayo. Ku Ulaya ndi ku America mitundu imeneyi inatsala pang'ono kutheratu m'mphuno za ana patangopita zaka zochepa. Kuno ayi. Anawo sankadwala, koma ankatha kupatsira ena, ndiye chitetezo chija chofikira ngakhale osabayidwa chinali chofooka.

Zifukwa zake zikuoneka kuti n'ziwiri. Choyamba, kachilomboka kamayenda kwambiri m'makwalala athu, mmene ana ambiri amagona chipinda chimodzi ndipo khanda limakumana nako likadali la masabata ochepa. Chachiwiri ndi nthawi yobayira. Malawi amapereka majakisoni atatu onse mwana asanakwane miyezi 4, popanda wina wokumbutsa thupi pambuyo pake. Ndondomekoyi imateteza khanda panthawi yoopsa, koma kuyeza magazi kunaonetsa kuti chitetezo ku mitundu ina chimatsika msanga mwana asanakwane n'chaka chomwe. South Africa imapereka awiri oyambirira, wachitatu n'kumusungira mwezi wa 9. Britain inaphunzira phunziro lofananalo pa Hib: itayamba katemera mu 1992 popanda jakisoni wokumbutsa, matenda anayamba kubwerera cha m'ma 1999, mpaka inachita kampeni yapadera mu 2003 ndi kuonjezera jakisoni wina mu 2006.

Mu 2021 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi ofufuza anayamba kuyesa nkhaniyi m'zipatala zing'onozing'ono za mu Blantyre: zina zinapitiriza ndondomeko yakale, zina n'kusunthira jakisoni mmodzi kumwezi wa 9, tsiku lomwe mwana amabwera kale kudzalandira katemera wa chikuku. Ubwino wa njira imeneyi n'ngwakuti sifuna botolo loonjezera kapena ulendo wina wa mayi. Ndi chinthu chonyaditsa kuti funso lofunika kwa mayiko ambiri osauka linafunsidwa ndi kuyesedwa konkuno, ndi alangizi a zaumoyo ndi anamwino athu omwe.

Palinso china chofunika kuchiyang'anitsitsa. Mitundu 13 ikachepa m'mphuno, malo amene yasiya amalowedwa ndi mitundu ina yomwe m'katemera mulibe. Ku Britain ndi mayiko ena zimenezi zadyako gawo la phindu la katemera. N'chifukwa chake labotale yoyeza madzi a pamsana ndi yofunika ngati firiji yosungira katemera: popanda iyo sitingadziwe kuti ndi mtundu uti umene ukudwalitsa ana chaka chino.

Kumene matendawa amabwera ngati mliri

Kachilombo kachitatu, meningococcus, nkhani yake yaikulu ili kutali ndi ife, m'chigawo chotambalala kuchokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Dokotala wa ku France Léon Lapeyssonnie ndiye anachifotokoza mu 1963. Kumeneko, m'nyengo ya chilimwe, mphepo ya fumbi yotchedwa Harmattan ikamawomba kuchokera ku Sahara n'kuumitsa mphuno ndi mmero, matenda oumitsa khosi amagwa m'midzi yathunthu, osasankha khanda, mnyamata kapena mayi wachitsikana. Mvula ikayamba, amaleka. Mu 1996 ndi 1997 anthu oposa 250,000 anadwala ndipo oposa 25,000 anamwalira, ambiri ku Nigeria, Niger, Burkina Faso ndi Mali. Pafupifupi onse anali a mtundu wotchedwa A.

Katemera analipo, koma wa shuga yekha uja: wosagwira bwino mwa ana aang'ono, wotha mphamvu pakapita zaka zochepa, wosachotsa kachilombo kummero. Ankafika mliri utayamba kale, nthawi zambiri utatsala pang'ono kutha wokha. Makampani akuluakulu a mankhwala analibe chidwi chopanga katemera wamakono wa mtundu A, poti kumayiko olemera mtunduwu sunkavuta.

Mu 2001 WHO ndi bungwe la PATH anakhazikitsa Meningitis Vaccine Project ndi madola 70 miliyoni ochokera ku Bill & Melinda Gates Foundation. Mtsogoleri wake, Dr Marc LaForce, anayamba n'kufunsa akuluakulu a zaumoyo a m'mayiko okhudzidwawo za mtengo umene angakwanitse. Yankho linali lakuti katemera wopitirira masenti 50 a ku America sangamuthe. Ntchito yonse inamangidwa pa mtengo umenewo. Luso lolumikizira shuga ku puloteni linachokera ku labotale ya boma la America, ndipo kampani ya Serum Institute of India ya mumzinda wa Pune inavomera kupanga katemerayo pamtengo wosafika masenti 50. Anamutcha MenAfriVac. Pa 6 December 2010 Burkina Faso inayamba kubaya aliyense wa chaka chimodzi mpaka zaka 29, ndipo m'masiku 10 anthu oposa 11 miliyoni anali atalandira.

Umboni womveka bwino unachokera ku Chad. Kumapeto kwa 2011, mliri uli m'kati, anthu pafupifupi 1.8 miliyoni a m'zigawo zitatu kuphatikizapo likulu N'Djamena anabayidwa, pomwe zigawo zina zinali zisanafikiridwe. M'nyengo yotsatira, m'zigawo zosabayidwa anthu pafupifupi 44 mwa 100,000 alionse anadwala. M'zigawo zobayidwa sanafike ndi atatu omwe. Kusiyana kwake kunali 94 peresenti, m'dziko limodzi, chaka chimodzi, fumbi lomwelo. Mu 2012 ku Benin anaonetsanso kuti katemerayu atha kukhala kunja kwa firiji masiku 4 pa kutentha kofika madigiri 40 osawonongeka, chinthu chachikulu kwa wachipatala woyenda panjinga. Kuchokera nthawi imeneyo anthu oposa 350 miliyoni alandira MenAfriVac, ndipo chiyambire 2017 mtundu A sunapezekenso m'chigawo chonsecho.

Miliri sinatheretu. Mtundu C unagwa ku Niger mu 2015 ndi ku Nigeria mu 2017, ndipo mitundu W ndi X ilipobe. Katemera watsopano wa mitundu isanu, Men5CV, anavomerezedwa ndi WHO mu 2023, ndipo Nigeria inakhala dziko loyamba kumugwiritsa ntchito mu 2024. Malawi sali m'chigawo cha miliri chimenechi, choncho katemera wa meningococcus sali pandondomeko ya kusikelo. Koma Asilamu athu opita ku Hajj amamudziwa: Saudi Arabia imafuna chiphaso chake kwa aliyense wopita ku Mecca kukachita Hajj, kutsatira miliri yomwe inabuka pakati pa apaulendo mu 1987 komanso mu 2000 ndi 2001. Amalawi olera ana ku Britain nawonso amakumana naye, poti dzikolo linali loyamba kubaya ana katemera wa mtundu C mu 1999, ndi wa mtundu B mu 2015.

Amene katemera sanawafikebe

Kunena kuti matenda oumitsa khosi anatha kungakhale kunama. Ofufuza ataona ziwerengero za ku Queens za 2000 mpaka 2012 anapeza kuti matendawa anatsika kwambiri mwa ana, koma mwa akuluakulu sanasunthe kwenikweni. Akuluakulu omwe ali ndi HIV amavutikanso ndi mtundu wina woyamba ndi kachilombo ka cryptococcus, komwe si bakiteriya ndipo kalibe katemera. Chifuwa chachikulu nachonso chimatha kukwera ku ubongo. Katemera wa BCG, wosiya chipsera paphewa uja, amatetezako ana aang'ono ku mtundu woopsa umenewu. Mabakiteriya a Salmonella nawonso amavutitsa makanda onyentchera ndi ochepa magazi.

Ndiye pali makanda ongobadwa kumene. Jakisoni woyamba wa Hib ndi pneumococcus amabwera pa masabata 6, koma mwezi woyamba wa moyo ndiwo woopsa kwambiri. Panthawi imeneyi mdani wamkulu ndi group B streptococcus, kachilombo komwe amayi ambiri athanzi amakhala nako ndipo khanda limakatenga pobadwa. Katemera wake akuyesedwa, ndipo adzaperekedwa kwa mayi woyembekezera kuti chitetezo chidutsire kwa mwana, monga zimakhalira ndi katemera wa kafumbata kusikelo ya amayi apakati. Mpaka atafika, khanda la masiku ochepa limene lakana bere, latentha kapena kuzizira thupi, kapena lakomoka, liyenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana.

Pamenepa pali nkhani ina yomwe tiyenera kuikamba poyera: mantha a kutenga madzi a pamsana. Mabanja ambiri amakana, chifukwa anamvapo kuti wakutiwakuti atangomutenga madziwo anamwalira. Mantha amenewa sanangochokera m'mutu mwa anthu. Odwala amene amatengedwa madziwa ndi odwala kwambiri kale, ndipo ena amamwaliradi mawa lake. Koma chimene chawapha ndi matenda, osati singano. Singanoyo imalowa kunsi kwa msana, kupitirira pamene mtsempha waukulu umathera, ndipo timadzi timene amatenga thupi limatibwezeretsa m'maola ochepa. Ndi madzi amenewa amene amauza dokotala ngati akulimbana ndi bakiteriya, cryptococcus kapena malungo chabe. Achipatala nawonso ali ndi mbali yawo: mphindi zochepa zofotokozera mayi ndi agogo m'Chichewa chomveka zimasintha maganizo a banja kuposa kuwakalipira.

Ana opulumuka timawaiwala msanga. Mwana akatuluka m'chipatala banja limathokoza Mulungu, ndipo pamatenga miyezi kuti wina azindikire kuti mwanayo satembenukanso akaitanidwa, kapena kuti timawu tomwe anali atayamba kunena tasowa. Ena mwa ana amene ali m'sukulu za osamva monga Mua, Maryview ndi Embangweni anabadwa akumva. Mwana aliyense wochira matenda oumitsa khosi ayenera kuyezedwa makutu m'masabata oyambirira, ndipo ku Queens ndi ku Lilongwe kuli malo oyezera. Makolo asadikire kuuzidwa. Afunse okha asanachoke m'wodi.

Ndani adzalipira?

Mu 2020 mayiko onse a mu WHO anagwirizana za ndondomeko yogonjetsa matenda oumitsa khosi pofika 2030: kuthetsa miliri, kuchepetsa ndi theka odwala mitundu yopeweka ndi katemera, ndi kuchepetsa imfa ndi 70 peresenti. Zolingazi zikudalira zinthu wamba: firiji yogwira ntchito pachipatala cha kumudzi, mafuta a galimoto yonyamula katemera, mlangizi wa zaumoyo wofika kusikelo yoyendera ngakhale mlatho utakokoloka, ndi mayi wobwera katatu, osati kamodzi. Jakisoni mmodzi sakwanira, ndipo mwana wophonya tsiku lake sayambiranso. Amangopitiriza pomwe analekera. Nthawi ya Covid-19 mphekesera za pa WhatsApp zinathawitsa amayi ena ngakhale kusikelo ya ana, ndipo poliyo yemwe anapezeka ku Lilongwe mu February 2022, patapita zaka 30 osaoneka, anaonetsa kuti mpata ukatseguka matenda akale amalowa.

Mbali yaikulu ya mtengo wa akatemera awiri a Hib ndi pneumococcus amene takambawa imalipiridwa ndi Gavi. Mayiko osauka kwambiri, Malawi ali momwemo, amasonkhako gawo laling'ono chabe pa jakisoni aliyense. Mu June 2025 boma la America, lomwe linali m'gulu la opereka ndalama zambiri, linalengeza kuti lisiya kuthandiza Gavi, ndipo mayiko ena olemera achepetsanso thandizo lawo lakunja. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti zawo pa zaumoyo, ndipo Malawi kawirikawiri safikapo. Aphungu akamakambirana bajeti ya zaumoyo amakonda kunena za maambulansi ndi nyumba zatsopano za zipatala, zinthu zooneka ndi maso m'madera awo. Afunsenso nduna kuti ndalama zathu zosonkhera akatemera zalipiridwa panthawi yake kapena ayi, ndi kuti boma lakonza zotani ngati gawo la Gavi litachepa.